Kanyali kachikasu kakayaka mutasintha marimu, musakamate tepi

Achimwene ena a ku Ntcheu andilembera imelo sabata yathayi. Anagula marimu onyezimira ku Lilongwe, ndipo atangowamanga pa galimoto yawo kanyali kachikasu kooneka ngati kamphika kokhala ndi chizindikiro cha ! mkati kanayamba kuthwanima, kenako kanangoyakiratu. Akufunsa ngati marimu ogula padera sagwirizana ndi TPMS, zipangizo zimene zimachenjeza dalaivala mpweya ukachepa m'matayala. Mnzawo akuti wawauza kuti angomatapo tepi yakuda.

Za tepizo ndi zimene zandiwawa mtima, achimwene, chifukwa inenso anandiuzapo zomwezo.

Galimoto yanga inachokera ku UK. Tsiku lina ndikuchokera ku Lilongwe, tayala la kumbuyo linalowa msomali chakufupi ndi Chimbiya, ndipo ndinaima pa anyamata omata matayala m'mbali mwa M1. Mnyamatayo anali wolimbikira ndithu. Anagoneka tayala pansi, nalidumphira ndi mapazi onse awiri, kenako n'kulowetsa chitsulo chake chokanulira pafupi penipeni ndi valavu. Ndinangomva kuti khwa! Atavula tayala, mkati munali kabokosi kakuda kapulasitiki, kothyoka pakhosi pomwe kamalumikizana ndi valavu. Anakaponya m'fumbi, naikapo valavu ya labala wamba. Nditakatola ndi kumufunsa, anati, "Bwana, zimenezo n'zokongoletsa, mpweya ulimo. Nyale ikamakuvutani mudzangomata."

Sindimuda mnyamata uja. Palibe anamuphunzitsa kuti galimoto zimene zikulowa masiku ano zili ndi kachipangizo kotchedwa sensa kumbuyo kwa valavu, ndipo chitsulo chiyenera kuyambira kutali nako. Amene ndimakwiya nawo ndi ogulitsa marimu m'tauni. Iwo akudziwa bwino lomwe. Amakumangirani marimu atsopano, akale aja n'kukuuzani kuti muwasiye akuchotserani mtengo, masensa anu anayi n'kutsalira momwemo. Sensa iliyonse ili ndi nambala yake imene kompyuta ya galimoto yanu inaloweza. Kumutengera munthu zimenezo osamuuza, kwa ine n'kuba basi.

Kabokosi kaja kamayeza mpweya wa m'tayala ndi kutumiza uthenga pa wayilesi. Galimoto za ku Ulaya zimagwiritsa ntchito 433 MHz, pamene zambiri za ku America ndi ku Japan ndi 315 MHz, choncho sensa yogula pa intaneti mwachisawawa itha kukhala bwinobwino m'rimu koma galimoto osaimva n'komwe. Batire yake ndi yomatirira mkati, sisinthidwa, ndipo imatha pakapita zaka 5 mpaka 10. Galimoto zambiri timazigula zitayenda kale zaka ngati zimenezo.

Anthu amati n'zachizungu zosafunika kuno. Ayi. Zinabwera anthu atafa. Ku America matayala a Firestone ankasupuka pa Ford Explorer, galimoto n'kumagubuduka, ndipo m'chaka cha 2000 anakhazikitsa lamulo la TREAD Act. Kuyambira Seputembala 2007 galimoto zing'onozing'ono zatsopano kumeneko zimayenera kukhala ndi TPMS, ndipo ku Ulaya lamulo lotere linagwira galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zonyamula anthu mu Novembala 2014. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika m'mbali poyenda, limatentha, mapeto ake limaphulika. Tsono taganizani mukutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, kumbuyo mwadzaza matumba a mbatatesi ndi kabichi wa pa Lizulu, ana ali pampando. Ngati alipo ofunika kanyali kameneka kuposa azungu, ndife. Ndipo marimu aakulu amene achinyamata akukonda amafuna matayala opyapyala m'mbali, oti ngakhale ataphwa ndithu, ndi maso simungaone.

Kuzizira kwa kuno ku Dedza nako kumasokoneza anthu. M'mawa wa mu Juni kapena Julaye kanyali kamatha kuyaka, mukafika pa Linthipe n'kuzima. Sikuti sensa yafa. Kukazizira mpweya wa m'tayala umatsika, pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse, ndiye tayala limene linali lochepa kale limagwera pansi pa malire. Popani m'mawa matayala asanatenthe, motsatira manambala a pa kapepala komatidwa pa chitseko cha dalaivala, osati olembedwa pa tayala. A pa tayala aja ndi malire omaliza. Ndaona minibasi zikupopedwa mpaka tayala kuuma gwa, ati kuti zinyamule bwino, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono za marimu anu

Kanyali kakathwanima pafupifupi mphindi imodzi kenako n'kungoyaka, ndiye kuti galimoto sikumva masensa. Kakangoyaka osathwanima, mpweya ndiwo wachepa. Zanuzo ndi zoyambazo, choncho bwererani komwe munasiya marimu akale lero lomwe, masensa asanagulitsidwe kwa wina.

Marimu ambiri ogula padera amalola sensa, bola bowo la valavu likhale la saizi wamba ndipo kabokosi kagone bwino osagunda rimu kapena tayala. Yesani pa rimu limodzi lopanda tayala musanamange onse. Muikenso timalabala tatsopano totsekera mpweya, ndipo valavu ya aluminiyamu isamangidwe mwamphamvu, imathyoka. Masensa akale akabwerera, nthawi zambiri kanyali kamazima kokha mukayenda pang'ono. Akakhala atsopano, galimoto zina monga Toyota zimafuna makina olumikiza pa OBD, soketi yolowera ku kompyuta ya galimoto, kuti nambala za masensa zilowe, ndiye funsani galaja ngati ali nawo musanalipire.

Pali galimoto zina, monga VW Polo ndi Golf zambiri, zopanda sensa m'tayala, zimene zimangowerenga liwiro la mawilo kudzera pa ABS, zipangizo zoletsa mawilo kugwiriratu pomanga mabuleki. Izo rimu lililonse loyenera ligwira, mungopopa bwino n'kudina batani la SET. Koma yanu mmene ikuthwanimiramo, kafunseni marimu akale aja, ndipo mpaka masensa abwerere, gulani geji ya m'manja muziyeza nokha sabata iliyonse.