Tikiti ya pa screenshot ayi, koma gemu ya USC musaiphonye

Achimwene, ndikuyankha zimene munafunsa mu October 2025: ngati mugule tikiti ya pa screenshot yokaonera timu yathu ya mpira wa ku America (American football), ya yunivesite ya Notre Dame kuno ku South Bend, komanso kuti mupite gemu iti pakati pa ya USC ndi ya Navy. Imani kaye, ndalama imeneyo musatumize. Munthu akuti tikiti ya gemu ya USC (timu ya yunivesite ya ku Los Angeles) akupatsani pa screenshot, mtengo wotsika chonchi, gemu ili Loweruka la pa 18 October 2025? Ine zinandionekera, mpaka lero ndikamadutsa pa Angela Boulevard popita ku ntchito mtima umachita kuwawa.

Inali gemu ija ya Notre Dame ndi Indiana, pa 20 December 2024, Lachisanu usiku, ulendo woyamba playoff (ndime yochotsana yopezera katswiri) kuseweredwa pabwalo la Notre Dame. Mukukumbuka mmene South Bend inapengera sabata imeneyo. Mwana wanga wamwamuna anali atandilira chaka chonse kuti adadi tidzalowe m'stediyamu ngakhale kamodzi. Ndinagwira ma double (mashifiti awiriawiri kuntchito) atatu otsatizana, miyendo kuchita kutupa, kuti ndipeze $600 ya matikiti awiri. Wondigulitsayo sanali mzungu wa pa intaneti ayi. Mmalawi mnzathu, munthu woti tinadyera naye nsima mbale imodzi pa 6 July, pamaliro amakhala patsogolo kusonkhetsa chipepeso. Akuti abwana ake ali ndi matikiti a season yonse ndipo apita ku Florida. Ndinatumiza ndalama, iye n'kunditumizira zithunzi ziwiri za barcode pa WhatsApp. Ine kumuthokoza mpaka kumutchula kuti m'bale weniweni.

Galimoto tinaimika pakapinga wa munthu wina, $40 ina imeneyo, n'kuyenda wapansi mtunda wonse uja. Kuzizira kwake kosati masewera, zala sizinkamvekanso kuti ndi zanga. Mwana atavala chipewa chobiriwira chomwe anagula yekha ndi ndalama zake zochotsa chipale kwa aneba. Tafika pageti, mayi wa makina uja waika foni yanga, kathiii kofiira. Wayesanso, kofiira. Kachitatu anangondiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti matikiti amenewa alowa kale. Anthu kumbuyo akukankha, ena akung'ung'udza, ine thukuta kamukamu pakati pa chisanu chonsecho. Ndaimba foni, voicemail. Ndaimbanso, voicemail. Ndinaimba ka 11, ndinawerenga mawa lake.

Tili chiimire panja pomwepo, stediyamu yonse inangoti wooo, anthu oposa 77,000 kukuwa pakamodzi mpaka pansi kunjenjemera. Mwana akundikoka jekete, adadi chachitika n'chiyani, chachitika n'chiyani? Ine ndidziwa bwanji? Mnyamata wina wogulitsa zipewa ndi amene anationetsa pafoni yake: Jeremiyah Love wa Notre Dame wathamanga mayadi 98 mpaka kukagoletsa. Chinthu choti anthu azidzachikamba zaka ndi zaka, ife tinachimvera kuseri kwa khoma ngati agalu a pa ukwati. Mwana sanalire, bola akanalira. Anangovula chipewa chija n'kuchipinda m'thumba. Tinakaonera chigawo chachiwiri kunyumba, Notre Dame n'kupambana 27-17, iye osayankhula ngakhale liwu limodzi.

Mkulu uja mawa lake akuti network inavuta, abwana anasokoneza, andibwezera Lachisanu. Lachisanu lake liti? Kenako block. Ndinadzamva kuti zithunzi zomwezo anagulitsa kwa anthu atatu, amene anafika msanga ndiye analowa. Chimene chimandinyansa kwambiri n'choti nditakadandaula kwa akuluakulu anangoti zisiyeni, ndi m'bale wathu, tisachititsane manyazi kuchilendo. Manyazi ake ati? Amene ndinachita ine pageti paja sanali manyazi? Mpaka pano amabwera kutchalitchi ndi suti, kugwira anthu chanza ndi manja awiri. Dzina sinditchula, akudzidziwa, mwina akuwerenganso pompano.

Tsono zoti mupite iti pakati pa USC ndi Navy (timu ya sukulu ya asilikali a pamadzi), ine ndikuti USC, pa 18 October 2025, usiku. Matimu awiriwa anayamba kumenyana mu 1926, ndipo pofika October 2025 mgwirizano woti azikumana chaka ndi chaka unali usanasainidwenso, ndiye mwina papita nthawi USC isanapondenso kuno. Komanso Notre Dame ilibe pothawira. Kumayambiriro kwa season ya 2025 tinaluza kwa Miami 27-24, kenako Texas A&M inatilasa 41-40 pakhomo pomwe, ndiye kuluza kachitatu basi za playoff tiiwale. Kuchokera pamenepo kufika pakati pa October anyamata a kochi Marcus Freeman anapambana anayi otsatizana, Arkansas anaithira 56-13 kwawo komwe. Woponya mpira (quarterback) wathu CJ Carr ndi mwana koma mpira amauponya mosanjenjemera, ndipo Love ndi Jadarian Price akayamba kuthamanga nawo, oteteza amatopa chisanathe chigawo chachitatu.

Koma USC ya 2025 musaiderere. Pofika pakati pa October anali atangoichapa kumene Michigan 31-13, ataluza imodzi yokha kwa Illinois, 34-32. Woponya mpira wawo Jayden Maiava akamupeza wowakha Makai Lemon pali mavuto, ndipo kumbuyo kwathu kunkadontha koopsa mu September, A&M inkangodutsa ngati pamsewu. Chimene chikundilimbitsa mtima n'choti USC sinapambanepo ku South Bend chichokere 2011. Mu 2023 Caleb Williams wa USC yemwe, ndi Heisman yake (mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji), anaponyera adani mipira itatu, ife n'kupambana 48-20. Anyamata a ku Los Angeles kuzizira sagwirizana nako. Ine ndikuona Notre Dame ikupambana, koma tidzatuluka thukuta.

Ya Navy pa 8 November 2025 ndi yabwino ngati mukupita ndi ana ndipo thumba lili lopepuka. Iwo aja mpira saponya kawirikawiri, amangopatsirana pansipansi, quarterback wawo Blake Horvath kubisa mpira mpaka kamera kusochera. Pofika pakati pa October 2025 anali asanaluzebe, koma mu 2024 anakumananso nafe osaluza n'kudya 51-14.

Tikiti gulani pa app yovomerezeka basi, ikhale yochita transfer kulowa mu akaunti yanu, muione ndi maso anu isanatuluke ngakhale dola imodzi. Kwa munthu musagule popanda transfer, kaya ndi wa kwanu ku Ntcheu, kaya munaphunzira naye. Achimwene, chikwama cha mayi akunyumba chikhale choonekera mkati, apo ayi akakubwezani pageti, ndipo masokosi valani awiriawiri.

Komabe kunena zoona mitengo ya pa app ya gemu imeneyi ndi yakupha. Ine ndimadikira mpaka kutatsala ola limodzi, anthu a tailgate (maphwando a poimika magalimoto gemu isanayambe) akakhuta mowa ena amagulitsa motchipa kuti angochotsa. Ndiye munthu wanuyo mufunseni ngati angachite transfer muli limodzi maso ndi maso. Akavomera tengani, musachedwe. Ndipo ngati ali ndi ena awiri mundiuze ku inbox, mwana uja chipewa chija anachitulutsanso sabata yatha.