Makalata a agogo a ku Wenela, kodi mungapange buku?

Mayi a ku Bangula, mwati munapeza dayale ndi makalata a agogo anu mu thiranki nthawi imene mumasamutsa katundu madzi a namondwe Freddy atalowa m'nyumba mu 2023, ena analemba okha ali ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi, ena analandira kwa anzawo, ndiye mukufuna mupange buku. Ine ndikuti pangani ndithu. Zoterezi zimakoma kuwerenga chifukwa munthuyo sankalembera gulu ayi, ankangouza mkazi wake kuti mbuzi usagulitse, ndalama ya thonje usunge, ndiye mumamva munthu weniweni osati zopeka. Komanso m'badwo umene unaona a Kamuzu akuletsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito ku migodi itagwa ku Francistown ku Botswana ukutha.

Koma apa ndi pamene ambiri amagwa: pepala kukhala m'manja mwanu sikuti mawuwo ndi anu. Pa lamulo la Copyright Act la 2016 umwini wa zolemba ndi wa wolembayo moyo wake onse kuphatikiza zaka 50 atamwalira, ndiye poti agogo anatisiya mu 2014 mawu awo ndi otetezedwa mpaka 2064, ndipo ali m'gulu la chuma cha masiye ngati ng'ombe kapena munda. Ngati sanasiye wilo, Deceased Estates Act ya 2011 imayamba kuyang'ana mkazi wawo, ana awo ndi amene ankawadalira, mdzukulu simungangolamula nokha olo thirankiyo munaipulumutsa ndinu. Khalani pansi ndi azakhali ndi amalume anu, mugwirizane za buku ndi kagawidwe ka ndalama, mulembe aliyense asayine, osati zongoyankhulana pa maliro zija mawa wina nkukana. Ngati pali amene khoti linamupatsa letters of administration, chikalata chopatsa munthu mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, ndi amene asayine chilolezo, ngati palibe yambani kukafunsa kwa DC ku Nsanje boma.

Makalata amene analandira kwa anzawo ndi nkhani ina, pepala ndi la banja lanu koma mawu ndi a amene analemba kapena ana ake, muwafunefune mupemphe.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi mayina. Womwalira sangakusumireni kuti mwamuipitsira mbiri koma wamoyo atha, ndipo mu dayale anthu amalemba kuti uje ndi mfiti, uje anaba malire a dimba ku Shire, uje mwana si wa bamboyo. Ngati munthuyo alipo mpaka lero sinthani dzina ndi mudzi kapena dulani ndimeyo, kunena kuti ndi agogo analemba sikukupulumutsani chifukwa wosindikiza ndinu.

Musanapereke kwa osindikiza jambulani tsamba lililonse ndi foni, oliginolo isachoke pakhomo. Za umwini funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo, ndipo buku likatuluka lamulo limafuna mupereke kope ku National Archives ku Zomba.