Mayi anga sanali aulesi pamene Dwangwa anasefukira

Achimwene, inu amene mwalemba kuti Mtukula Pakhomo ndi feteleza wotsika mtengo zikuzolowetsa anthu ulesi, ndiponso kuti boma lingochepetsa misonkho kuti aliyense adziyimire payekha, ndikupemphani kuti muyambe mwamva za mayi anga.

Mtsinje wa Dwangwa utasefukira kumapeto kwa February 2024, mayi anga, amene apitirira zaka 70 ndipo akulera adzukulu atatu amasiye a malemu mchemwali wanga, anathawa usiku madzi ali m'chiuno, kamdzukulu kali kumsana. Nyumba inagwa, mbuzi ziwiri zinapita, ndipo chimanga chimene anachipalira okha ndi khasu chinakwiririka ndi mchenga chitangoyamba kubereka. Tsiku lowerenga mayina a olandira thandizo anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osadya kanthu, atafumbata chiphaso chawo cha unzika chimene anachipulumutsa m'kajumbo ka shuga. Dzina lawo silinatchulidwe. Linatchulidwa la mlamu wake wa bambo amene ankalemba mayinayo, munthu wa golosale ndi njinga yamoto ya kabaza. Mayi atafunsa mwaulemu, bamboyo anawayankha pamaso pa anthu kuti, “Gogo, inu muli ndi mwana ku Boma, akuthandizeni ameneyo.” Mwana wa ku Bomayo ndine, wogulitsa usipa wa pa mulu mu msika wa Nkhotakota. Mayi anabwerera akulira mwakachetechete, ndipo mpaka lero bambo ameneyo ndikakumana naye moni amandikanika kukhosi.

Za misonkhozo, n'zoona kuti mu 2024 boma linakweza malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000, koma zimenezo zinapepukitsa okhawo amene amalandira pakutha pa mwezi. Mayi anga alibe malipiro oti awachotsere msonkho, komabe pa malata ndi simenti zimene ndinagula pomanganso nyumba yawo tinalipira msonkho wa pa katundu wogula (VAT) wa 16.5 peresenti monga amalipirira bwana wa galimoto, pamene kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndipo Mtukula Pakhomo, kuyambira pamene inayamba ku Mchinji mu 2006, inapangidwira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zogwira ntchito, monga okalamba, olumala ndi ana olerana okha. Mungamuuze bwanji gogo wotero kuti alimbikire? Chimene chimawononga thandizoli ndi anthu a makope amene amalemba abale awo, monga zinawachitikira mayi anga.

Ngakhale zili choncho, amene muli ndi makolo kumudzi musadikire dzina lawo kuti lituluke pa mndandanda, chifukwa mudzadikira mpaka mvula ina. Nyumba ya mayi tinaimanga ndi ngongole ya ku banki m'khonde ndi maganyu okolola mpunga amene mdzukulu wamkulu anagwira, ndipo katapila ndinamupewa ngakhale anandinyengerera kangapo. Lowani m'gulu, ndipo muzisunga kangachepe mwezi ndi mwezi. Koma tsiku la kalembera likafika, tsekani bizinesi mupite nokha mukakhale pafupi ndi kope lija, pakuti ine tsiku limenelo ndinali pa benchi yanga ya usipa.