Funsani Kochi: Ndipirira bwanji dzuwa pa triathlon ya makilomita 226?

FUNSO: A Kochi, ndine mayi wa zaka 41. Ndachitapo kawiri triathlon ya theka, ija timasambira makilomita 1.9, kupalasa njinga makilomita 90 ndi kuthamanga 21.1, ndipo maulendo onse awiri kunali kozizira bwino. Pano ndalembetsa yathunthu, ya kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga 180 ndi kuthamanga 42.2. Kwatsala miyezi inayi, koma omwe anachitapo akundiuza kuti masana kumatentha kupitirira madigiri 33. Chifukwa cha ntchito, ine ndimakonzekera m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Mnzanga akuti ndidzangomwa madzi ambiri paliponse pomwe akupereka, kenako ndidzalimbe mtima. Kodi n'zokwanira?

YANKHO: Mayi, sizokwanira ayi, ndipo langizo la madzilo likhoza kukugonetsani m'chipatala. Ndiyambe ndakuuzani zomwe zinandionekera ine.

Pa mpikisano wanga wachiwiri wa mtunda wathunthu, ndinatuluka m'madzi ndili ndi mphamvu zanga zonse. Nditakwera njinga, kamphepo kankandiwomba pa zovala zonyowa moti sindinkamva kutentha ngakhale pang'ono, choncho ndinapalasa pa liwiro lomwe ndinazolowera masiku ozizira. Cha pa kilomita 120 wotchi inandisonyeza kuti mtima ukugunda mothamanga kuposa nthawi zonse, chonsecho sindinawonjezere liwiro. Ndinaziona, n'kuzinyalanyaza. Ndinatsika njinga dzuwa likuswa mtengo, msewu ukutulutsa moto. Nditathamanga makilomita 12 ndinayamba kuchita tsemwe ngati ndili pachisanu, kabudula ali mbuu ndi mchere wa thukuta, madzi akungokhuchumuka m'mimba osapita kulikonse. Mtsikana wina wothandiza pa malo operekera madzi anandikhazika pa kreti n'kundithira madzi a ayisi m'khosi mpaka maso anayera. Makilomita 30 otsalawo ndinachita kuyenda wapansi, ndipo ndinamaliza kutada. Amene anandiona ankati ndagonja pothamanga, koma ine ndikudziwa kuti mpikisanowo ndinauwononga ndili panjinga.

Chimachitika n'chakuti mwa mphamvu zonse zomwe minofu imawotcha, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndi lomwe limakuyendetsani. Zotsalazo zimasanduka kutentha, ndipo thupi liyenera kukutaya. Magazi omwewo omwe akupititsa mpweya ku miyendo ndi omwe akufunikanso kupititsa kutentha kukhungu. Dzuwa likakula, khungu limatenga magazi ambiri, mtima umathamanga kuti ukwanitse ntchito ziwirizo, ndipo mimba ndi yomwe imamanidwa. N'chifukwa chake nseru imabwera ndipo timapaketi ta gel, kaphala kotsekemera kopatsa mphamvu, timakana kutsika. Thukuta nalo limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Mpweya ukakhala wachinyezi limangoyenderera n'kugwera pansi, madzi atayika koma thupi lili chitenthere.

Za kulimba mtima, taganizirani Sarah True, katswiri wa triathlon wa ku America. Mu 2019, pa Ironman (triathlon yathunthu ngati yanuyi) ya ku Frankfurt, m'dziko la Germany, kunja kukutentha koopsa, ankatsogola ndi mphindi zingapo, koma anagwa kutatsala pafupifupi kilomita imodzi yokha ndipo sanamalize. Mu 2016 ku Cozumel, m'dziko la Mexico, katswiri wina wa ku Britain, Jonathan Brownlee, anayamba kudzandira ngati woledzera kutatsala mamita mazana angapo, mpaka mkulu wake Alistair anamugwira n'kumukankhira pamzere, ndipo uwo unali mpikisano waufupi kwambiri poyerekeza ndi wanu. Anthu awa mtima anali nawo wokwanira. Ubongo ukatenthedwa susamala kuti mwini wake ndi wolimba bwanji.

Chomwe chimandilimbitsa mtima pa nkhani yanu n'chakuti thupi limaphunzira kutentha, ndipo limaphunzira msanga. Mukamakonzekera potentha kwa ola limodzi kapena ola ndi theka tsiku lililonse, pakatha masiku 10 mpaka 14 madzi a m'magazi amawonjezeka, thukuta limayamba kutuluka msanga komanso lochuluka, mchere wotayika m'thukutamo umachepa, ndipo mtima umakhazikika. Kukonzekera kwanu kwa m'bandakucha kukukumanani zonsezi. Masiku omwe simupita kuntchito, yambani ulendo wautali wa njinga mochedwerako kuti mudzautsirize masana, ndipo mukangotsika muzithamangako mphindi 20 kapena 30 padzuwa, pang'onopang'ono. Masabata atatu omaliza ndi omwe muikepo mtima kwambiri, chifukwa kuzolowera kumeneku kumazilala munthu akasiya. Masiku a ntchito mukhoza kupalasa njinga ya m'nyumba mutatseka mawindo, popanda fani, kapena kulowa m'bafa la madzi otentha pafupifupi madigiri 40 kwa mphindi 20 mukangomaliza kuthamanga. Masiku oyamba mudzamva ngati mwabwerera m'mbuyo. Musakakamize liwiro, cholinga n'chakuti thupi litenthedwe bwinobwino, osati kuti mudzithere. Ngati mumamwa mankhwala a mtima kapena a BP, kambiranani kaye ndi dokotala musanayambe zimenezi.

Tibwere ku madzi. Anthu sitituluka thukuta mofanana. Wina amataya theka la lita pa ola, wina malita awiri, ndiye muyeso wa mnzanu si wanu. Kwerani pa sikelo musanavale, kapalaseni ola limodzi potentha, mukabwerera mudzipukute n'kukweranso. Kilogalamu imodzi yomwe yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo muphatikizepo madzi omwe munamwa m'njira. Chitani zimenezi kangapo, panjinga komanso pothamanga. Simukuyenera kubwezera dontho lililonse. Kumaliza mpikisano mutapepukako pang'ono n'kwabwinobwino, koma kumaliza mutalemera kuposa mmene munayambira ndi chizindikiro choipa. Munthu akamwa madzi oposa omwe akutaya, mchere wa m'magazi wotchedwa sodium umasungunuka kwambiri, ubongo umatupa, ndipo ena afa nazo pa mipikisano ya mtunda wautali. Madokotala amati hyponatremia. Imakonda anthu omwe amakhala maola ambiri m'njira, akuyenda pang'onopang'ono n'kumamwa makapu awiri atatu pa malo aliwonse. Muziyang'ana zala zanu. Mphete kapena lamba wa wotchi zikayamba kuthina, mutu ukuwawa, mimba ili tototo, lekani kaye kumwa. Zakumwa zokhala ndi sodium zimathandiza, makamaka ngati zovala zanu zimayera mchere ngati zanga, koma sizikupatsani ufulu womwa mopyola muyeso. Ndipo chonde, mankhwala oletsa ululu a ibuprofen ndi anzake musamwe tsiku limenelo, impso zimakhala zili kale pa ntchito yaikulu.

Za kusambira ndingonena chimodzi. Pa mipikisano ya Ironman, madzi akapitirira madigiri 24.5, wetsuit, chovala chosambirira chotchinjiriza kuzizira, siloledwa kwa amene akupikisana kuti apeze malo apamwamba, choncho yesererani makilomita 3.8 popanda chovalacho kuti lisadzakhale dzidzidzi.

Panjinga ndi pomwe ndikukupemphani mudzandimvere. Makilomita 180 amenewo mudzapalase motsikirapo kusiyana ndi mmene mungachitire tsiku lozizira, ndipo muzidzatsatira kugunda kwa mtima ndi mmene mukupumira, liwiro mulisiye. Anthu adzakupitirirani ambiri m'maola awiri oyamba ndipo zidzakuwawani, koma kuthamanga si kufika. Ambiri a iwo mudzawapeza akuyenda wapansi madzulo. Mphindi 15 zomwe mwalolera kutaya panjinga zimakupulumutsirani ola lathunthu pa makilomita 42.2 othamanga. Idyani mokwanira mukadali panjinga mimba isanayambe kukana, magalamu 60 kapena kuposerapo a zopatsa mphamvu pa ola ngati munazolowetsa mimba pokonzekera. Pa malo aliwonse tengani botolo limodzi lodzithira m'mutu, pamsana ndi pantchafu, ngakhale mukumva ngati simukutenthedwa. Kamphepo ka panjinga kamanama.

Pothamanga, ayisi ndiye bwenzi lanu. Yendani wapansi pa malo operekera madzi, ikani ayisi m'chipewa ndi m'chovala cha pachifuwa, wina mufumbate m'manja mpaka asungunuke. Podzithira madzi weramani pang'ono kuti asalowe mu nsapato, chifukwa masokosi onyowa amabala matuza ndipo mudakali ndi mtunda. Mipikisano yambiri ya mtundu uwu imapereka maola 17. Nthawi ilipo, dzuwa likapendeka miyendo imabwerera, bola musanadziwotche masana.

Pali malire omwe sindifuna mudzawadumphe. Kutopa, kukokana kwa minofu ndi kanseru ndi zapanjira, mumachepetsa liwiro, n'kudziziziritsa, n'kupitiriza. Koma mukayamba kusokonezeka, osakumbukira kuti muli pa kilomita iti, kudzandira, kapena kuyankhula zosamveka, imani pomwepo muitane achipatala. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukadutsa madigiri 40 ubongo n'kusokonezeka, moyo umakhala pachiswe, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kumuviika munthu m'madzi a ayisi nthawi yomweyo, asananyamulidwe n'komwe. Musadikire kuti thukuta lisiye kutuluka, wothamanga amatha kufika pamenepo thukuta lili kamukamu. Vuto lake n'lakuti wosokonezekayo sadziwa kuti wasokonezeka. Auzeni a kunyumba omwe adzaime m'mbali mwa msewu kuti mukamadutsa azidzakufunsani funso lofuna yankho lenileni, monga nthawi yomwe mwadya komaliza, ndipo mugwirizane kuti mukadzalephera kuyankha, mawu awo ndi omwe adzagwire ntchito.

Loweruka likubwerali kwerani pa sikelo paja, kapalaseni ola limodzi masana, ndipo mundilembere manambala awiriwo pamodzi ndi kuchuluka kwa madzi omwe munamwa. Tidzawerengera limodzi mabotolo omwe mudzafunike panjinga.