Kodi mfuti yakale iliyonse ndi gogodera?

Wowerenga wina yemwe amakhala ku Birmingham walemba motere: "Mnzanga wa kuntchito amasunga mfuti zakale. Ina ndi yoyatsira mwala, yolembedwa Tower, ina ndi Martini-Henry. Nditatumiza zithunzi kumudzi ndinalemba kuti ndi ma antiki, koma achimwene anga akuti zonsezo ndi gogodera basi. Cholondola n'chiti?"

Zikomo bambo, funso lanu landisangalatsa. Koma nonse awiri mwaphonya, ngakhale achimwene anuwo ali pafupiko.

Tiyambe ndi antiki wanuyo. Mawu obwereka sindidana nawo. Galimoto, sukulu ndi kompyuta tinawalandira chifukwa anabwera ndi zinthu zomwe tinalibe. Nanga ukale tinalibe? Chichewa chimasiyanitsa bwino kwambiri pamenepa. Chinthu chakutha ndi chomwe chafooka, chongodikira kudzala. Chinthu chakale chikhoza kungokhala cha dzana kapena cha nthawi ya Kamuzu. Koma chinthu chamakedzana, kapena chamgonagona, ndi chomwe chapyola mibadwo ndipo ukale wakewo ndiwo ulemu wake. Mfuti za mnzanuyo ndi zamakedzana. Mukalemba choncho, agogo a kumudzi amva, mwana wa pasukulu amvanso.

Tsono gogodera. Dzinali likuchokera ku mneni kugogoda, ndipo likunena za kathiridwe ka mfutiyo, osati zaka zake. Malume anga anali nayo imodzi, ndipo ndikukumbukira bwino mmene ankaikonzera. Ankaiimika, nkuthira wonga kukamwa kwake, nkuikapo kansanza, kenako chipolopolo, basi nkutenga kamtengo kachitsulo kaja nkumatsindira, go! go! go! mpaka zonse zitakhazikika pansi. Phokoso limenelo ndilo dzina. Amene anaitcha gogodera anatchera khutu asanatchule, ndipo n'chifukwa chake dzinalo silifuna womasulira.

Ndiye mfuti ya Tower ija ndi gogodera weniweni. Martini-Henry ayi. Imeneyo asilikali a ku Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1871, ndipo imatsekuka kumbuyo: mumakokera chogwirira pansi, nkulowetsa chipolopolo chomwe wonga wake uli kale m'kati. Palibe chogogoda. Ndi yamakedzana ndithu, koma kuitcha gogodera ndi kulakwira mawu. Chimodzimodzi mfuti ya Snider ya mu 1866, ngakhale nkhani yake njokoma: zambiri zinali gogodera za Enfield za mu 1853 zomwe anazidula kumbuyo nkuziikira kachitseko. Zinabadwa gogodera, zinakalamba zili zina.

Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti masiku ano ena akungoti gogodera pa chilichonse chachikale, kaya foni, kaya galimoto. Pocheza nditha kulekerera, chifukwa chiyankhulo chimasewera. Koma mtolankhani akalemba kuti apolisi agwira munthu ndi gogodera pomwe mfutiyo ndi yothyola pakati, wasokoneza owerenga.

Mwina simukudziwa kuti mzinda womwe mukukhalawo uli m'nkhaniyi. Birmingham inali likulu la osula mfuti, ndipo nyumba yoyesera mphamvu za mfuti yomwe inakhazikitsidwa mu 1813 ikugwirabe ntchito. Mfuti zambirimbiri zamalonda zochokera kumeneko zinafika ku Africa. Kuno kwathu mfuti zotere zinkalowa ndi amalonda a Chiswahili ndi Ayao kuchokera kugombe, zina ndi Achikunda, omwe ankagwirira ntchito Apwitikizi, kudzera ku Zambezi. Zinkagulidwa ndi minyanga ya njovu, komanso ndi anthu. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, yemwe anagonjetsedwa mu 1895, mphamvu zawo zinali pa wonga. Mu 1890 mayiko anasainirana pangano ku Brussels lochepetsa kulowetsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo ine ndimaona kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe gogodera anakhalitsira m'midzi mwathu Azungu atamusiya kale. Osula a kumudzi anaphunzira kumukonza, kumusemera mtengo watsopano, ngakhale kupanga wina.

Pamenepa pali chinthu chomwe ndakhala ndikuchisinkhasinkha. Mfuti zinabwera ndi Aswahili, omwe amati bunduki, ndi Apwitikizi, omwe amati espingarda. Koma ife sitinatenge lililonse mwa mayina awiriwa. Timati mfuti, Atumbuka amati futi, Abemba imfuti, Ashona pfuti. Ine ndimakhulupirira kuti nalonso ndi dzina la khutu, lochokera ku fu! wa wonga ukayaka. Amene anaonapo mfuti ya mwala ikulira adzandivomereza. Mwala umamenya chitsulo, moto nkuthetheka, wonga wa pakambale nkuti fu!, kenako ndiye phuu! Pakati pa ziwirizo pamakhala kamphindi, ndipo mlenje wosakhazikika mtima amasuntha mkono nyama nkupulumuka.

Kamphindi kameneko ndi mbali ya zomwe okonda mfutizi amazikondera, ndipo ine ndimawamvetsa. Mfuti yamakono ina ndi inzake n'zofanana. Yamakedzana ili ndi dzanja la mmisiri: mtengo wosemedwa, mkuwa wopalidwa, tizizindikiro ta korona ndi zilembo tosonyeza komwe inayesedwa. Munthu wodziwa amawerenga tizizindikiroto nkukuuzani dziko ndi nyengo. Imalira kamodzi, ndiye imaphunzitsa kudekha. Utsi wake ndi woyera, wochuluka, wonunkha sulufule, pakuti wonga wakale ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre. Osunga mfutizi safuna n'komwe kuti muzikwecha mpaka ziwale; kuda kwa chitsulo chokalamba amakuwerengera mtengo, ndipo amakusiyanitsa ndi dzimbiri lomwe limadya chitsulo. Mukamafotokozera abale, nenani kuti chitsulo chakhwima mtundu, musati chachita dzimbiri.

Ponena za mawu oyenda ndi mfuti, tiwasamalenso. Wonga si chipolopolo. Wonga ndi ufa woyaka, chipolopolo ndi chomwe chimauluka. Anzathu a ku Zambia anatcha timu yawo ya mpira Chipolopolo, ndipo inatenga chikho cha Africa mu 2012. Kaya mulemba wonga kaya onga, zonse ndimazilandira. Timawomba mfuti, koma timawombera nyama. Akuluakulu ankatinso walasa nyama ndi mfuti, mneni womwe unachokera ku uta ndi mivi nkusamukira ku chida chatsopano. Ndiye kushuta kukufunikiranji? Mawu atatu athunthu tili nawo, aliyense ndi ntchito yake, koma achinyamata pa Facebook akuwasiya onse nkutola limodzi lachilendo lomwe silisiyanitsa kanthu.

Chomaliza, poti zithunzi zanuzo zikhoza kudzutsa chilakolako kumudzi. Malamulo a ku Britain amalola munthu kusunga mitundu ina ya mfuti zopangidwa mwezi wa September 1939 usanafike popanda chilolezo, bola zikhale zokongoletsera. Akafuna kuziwomba, chilolezo chimafunika. Kuno kwathu musamayese kuti gogodera wa agogo ndi chidole chifukwa n'ngwakale. Kusunga mfuti kumafuna chilolezo cha boma, ndipo gogodera ndiye amapezeka kawirikawiri ndi opha nyama mozemba m'nkhalango zotetezedwa.

Pansi pa chithunzi cha Tower lembani kuti gogodera wamakedzana woyatsira mwala. Pansi pa chinacho lembani kuti mfuti yamakedzana yotsekuka kumbuyo, ya mtundu wa Martini-Henry. Achimwene anu muwauze kuti pa yoyambayo anakhoza.