Kubwera ndi ana kwa agogo ku Mzuzu m'mwezi wa Ogasiti

Mayi wina amene akukhala ku Leeds, ku England, wanditumizira imelo. Iye anakulira kuno ku Mzuzu, mayi ake ali ku Chibavi, ndipo apongozi ake amakhala ku Chintheche. Ali ndi ana awiri, wazaka 9 ndi wazaka 6, onse obadwira komweko, ndipo ku Malawi sanapondeko. Funso lake nali: "Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julaye tikufuna tibwere kwa milungu itatu. Masikuwa ndiwagawe bwanji kuti pasapezeke wodandaula? Ndinyamule chiyani? Komanso ndili ndi mantha kuti ana anga, amene Chichewa amangomva patalipatali, akandichititsa manyazi pamaso pa abale."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja ngati imeneyi. Ndiyambe ndi kukuchotsani pa chiwerengero cha milungu itatu, chifukwa masiku anayi kapena asanu adzathera m'njira. Ndege yochoka ku UK n'kudzatera kuno molunjika kulibe, mudzasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mukatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, patsala makilomita oposa 300 a msewu wa M1 kudzera pa Mponela, Kasungu, Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa. Abale amene adzabwere kudzakuchingamirani adzafuna kuti munyamuke nthawi yomweyo, poti kunyumba nkhuku yaphedwa kale. Akanizeni mwaulemu. Miyezi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo Chikangawa usiku ndi chifunga, malole a matabwa ndi njinga zopanda nyali. Gonani ku Lilongwe, munyamuke m'mamawa, ana aone dziko la mayi awo kukuwala.

Musaiwale kuti mukuchoka kotentha kulowa m'chisanu. Anzanu a ku Leeds akamva kuti mukupita ku Africa akuganiza za dzuwa lokhalokha, ndipo mwina inunso zaka zakuiwalitsani momwe Mzuzu amazizirira mu Julaye. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, m'mawa kumakhala nkhungu, nthawi zina ndi kamvula kowaza, ndipo nyumba zathu ndi za simenti pansi, zopanda chotenthetsera. Majuzi, majekete, masokosi ochindikala ndi zogonera za manja aatali, zonsezo zilowe m'sutikesi. Ndipo pano ndikupempheni ndi mtima wonse: agogo akaona adzukulu akunjenjemera adzafuna kuwalowetsera mbaula kuchipinda. Musalole. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Othani pakhonde kapena kukhitchini chitseko chili chotsekula, kuchipinda muonjezere bulangete.

Kuzizirako kusakunamizeni kuti malungo kulibe. Ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja, udzudzu ulipo chaka chonse. Ana anu thupi lawo silinakumanepo ndi malungo, ndipo inuyo amene munkadwala n'kuchira muli mwana, chitetezo chija chimatha munthu akakhala zaka kunja. Pitani kwa dokotala kudakali mwezi wathunthu kapena kuposapo, akulembereni mankhwala oteteza a nonse malinga ndi kulemera kwa mwana aliyense. Ena mwa mankhwalawa amayambidwa musananyamuke ndipo amapitirira mutabwerera. Neti ikhale pa bedi lililonse, ngakhale wina akuuzeni kuti nyengo ino udzudzu unatha.

Tsopano za kagawidwe ka masiku. Mukachotsa a m'njira aja, akutsalirani ngati masiku 16, ndipo maganizo anga ndi akuti theka lake lonse likhale la kwa amayi anu ku Chibavi, mutangokhala, osapita kulikonse. Anayi kapena asanu akhale a kwa apongozi. Otsalawo ndiwo a maulendo ena onse. Ndikudziwa kuti mndandanda wanu ndi wautali: azakhali ku Luwinga, amalume ku Ekwendeni, mnzanu wa kusekondale ku Katoto, amayi a kumpingo amene ankakupemphererani za ulendo. Koma ndaona mabanja ambiri obwera kutchuthi akuthera nthawi yonse m'galimoto, khomo ili mphindi makumi atatu, khomo ilo botolo la fanta ndi chithunzi, ana atatopa, akulira, osadziwa kuti amene awagwira dzanja ndi ndani. Pobwerera, agogo amene anadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti aone mdzukulu amakhala atamuona akugona basi. Mlendo ndi mame, inde, koma kwa amayi anu inu si mlendo, ndipo ana anu sayenera kuchoka akadali alendo.

Njira yake ndi yakale lomwe. Sankhani Loweruka limodzi, muuze amayi anu ndi amalume kuti aitane onse, muphike mpunga ndi nyama ya mbuzi, aliyense adzaone ana tsiku limenelo. Amene ali ndi miyendo abwere okha. Inu mudzapite nokha kwa anthu amitundu iwiri: okalamba ndi odwala amene sangathe kuyenda, ndi mabanja amene anaonekeredwa maliro inu muli kutali. Kupepesa maliro kuyambe, ngakhale papita zaka zitatu, ngakhale munatumiza kale chipepeso pa foni. Anthu amaiwala kuti simunawabweretsere nsapato, koma saiwala kuti munafika mumzinda n'kubwerera osadzakhala nawo pamphasa. Kumeneko simufunika kutenga ana kulikonse. Asiyeni ndi agogo awo.

Kwa apongozi musapiteko ngati mwangopatukira. Mukagone, muvale chitenje, mulowe kukhitchini. Ngati bambo a ana sakubwera nawo, kufika kwanu ndi adzukulu kudzalemera koposa, ndipo ndi bwino amuna anu aimbiretu foni makolo awo kunena tsiku, kuti uthenga usadzere kwa inu.

Za katundu ndinena mwachidule. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi zitenje musalipirire kulemera kwake m'ndege. Zonsezi mudzagula kuno, zitenje zili mbwee mumsika wa Taifa. Nyamulani zimene zimavuta kupeza zolimba: nsapato za ana asukulu, majekete, nyali za sola, juzi labwino la amayi. Mapulagi ndi ofanana ndi a ku UK, a mano atatu aja, choncho matchaja anu adzagwira ntchito. Mukafika, mphatso zonse muzipereke m'manja mwa amayi anu, chitseko chili chotseka, iwo ndiwo agawe. Akudziwa amene anawagoneka kuchipatala, amene amawatungira madzi mpope ukauma, ndi amene amangoonekera kukamveka kuti kwabwera a kunja. Inu zimenezo simungazidziwe muli ku Leeds.

Ndalama ndiye zimafuna kulimba mtima. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo imene mukuikumbukira inapita kalekale. Anthu akuvutikadi, ndipo amene adzakukokereni pambali kukuuzani za fizi kapena feteleza sakunama. Gwirizanani ndi amuna anu musananyamuke kuti yothandizira abale ndi yochuluka bwanji, ndipo ikatha yatha. Chimene ndingakuchenjezeni ndi kuyankha kuti "ndikaona ndikafika". Kwa inu ndi njira yothawira, koma wopemphayo amapita kunyumba n'kukauza mwana kuti sukulu yatheka. Kuli bwino kunena poyera kuti pano sindikwanitsa, kusiyana n'kusiya munthu akudikira uthenga pa WhatsApp mpaka Khirisimasi.

Ndifike pa mantha anu aja, chifukwa ndi pamene pandikhudza kwambiri. Ana anu sadzakuchititsani manyazi chifukwa chosalankhula Chichewa. Mzuzu ndi mzinda wa zilankhulo zambiri; mumsika mudzamva Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili m'kanjira kamodzi, ku Chintheche agogo ena aja adzawalankhula m'Chitonga, ndipo tonse tinazolowera kumvana ndi munthu amene lilime lake ndi lina. Chimene akuluakulu amayang'ana ndi khalidwe. Mwana alonjere asanakhale pansi. Alandire chinthu ndi manja awiri. Asatchule wamkulu dzina, akhale agogo, amalume, azakhali. Asamuyang'ane wamkulu ali chiimire pamene wamkuluyo wakhala pansi akumulankhula. Izi mungawaphunzitse panopa patebulo lanu, madzulo alionse, pamodzi ndi moni, zikomo, pepani ndi ndakhuta. Mwana wobadwira kunja akagwada pang'ono n'kunena kuti "ndili bwino, kaya inu agogo", nkhani yake imafika mpaka kumpingo.

Adzasekedwa, zimenezo musakayike. Asuweni awo adzaseka katchulidwe kawo, iwonso adzaseka Chingerezi cha asuweniwo, ndipo pofika tsiku lachitatu adzakhala akuthamangitsana kuseri kwa nyumba. Mwayi wanu ndi wakuti mu Ogasiti sukulu za kuno zimakhalanso zotseka, choncho anzawo osewera nawo sadzasowa. Ntchito yanu ndi kudziletsa. Musakhale womasulira pa chiganizo chilichonse. Musawatsekere pabalaza ndi tabuleti poopa fumbi. Wamng'onoyo aphunzire phada ndi fulaye, wamkuluyo amenye mpira wachikulunga, apange galimoto yamawaya. Nyengo imeneyi chimanga chimakhala chili m'nyumba. Akhale pamkeka ndi agogo awo akutonola, zala zipweteke, kenako aperekeze kuchigayo atanyamula kandowa kake. Adzabwera tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi ufa, akufotokoza mokuwa chifukwa phokoso la chigayo likadali m'makutu, ndipo madzulo adzadya nsima imene ufa wake anausenza yekha. Agogo ndi mdzukulu amamvana pa ntchito ngati zimenezi ngakhale mawu ali ochepa.

Pa chakudya musawakakamize, komanso musawaphikire zawozawo tsiku lililonse, chifukwa zimenezo zimawawa mtima wa wophika. M'mawa phala, mbatata yophika, chinangwa, zitumbuwa ndi tiyi, ana ambiri sakana. Mpunga wa Kilombero ndi nyemba amadya popanda nkhondo. Nsima ayambe ndi kachidutswa, muwaonetse kutema ndi kuumba mbamu. Kondowole wa ku Chintheche ndi wonanda ndipo fungo lake ndi lachilendo kwa amene sanamuzolowere, choncho muwauziretu kuti asakwinye nkhope pamaso pa agogo, alawe, athokoze. Nsomba muziwachotsera minga nokha. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo, ndipo izi muwafotokozere amayi anu mofatsa kuti si kunyoza madzi awo, ndi mimba za ana zimene sizinazolowere.

Zokaona musachulutse. Ulendo wa kwa apongozi ndi ulendo wa kunyanja kale: mudzatsika mapiri a msewu wa ku Nkhata Bay, pafupifupi makilomita 50 kuchokera mu Mzuzu, kenako mudzadutsa m'munda wa mitengo ya labala ku Vizara, pamene anyamata amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Imani muwagulire umodzi. Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera, koma miyezi imeneyi kumaomba mwera ndipo mafunde amakula, choncho mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu, ndipo za bwato tsiku la mphepo muiwale. Apewe kusamba pa madzi odekha a m'mabango, pamene pamakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Kupatula apo, sankhani ulendo umodzi wokha. Ngati ana akufuna nyama, Vwaza ndiye pafupi, kudzera ku Rumphi. Nyengo yachilimwe njovu zimatsikira kudzamwa pa nyanja ya Kazuni pamene mvuu zili nganganga m'madzi. Ngati mukufuna adziwe mbiri, kwerani nawo ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, akaone nyumba yamiyala ija ndi mathithi a Manchewe. Ndipo masiku anu akagwirizana ndi Umthetho, mwambo wa Angoni a ku Mzimba umene umachitika mu Ogasiti patsinde pa phiri la Hora, ingoma ya kumeneko ndi chinthu chimene mwana wazaka 9 adzakafotokozere kalasi yonse. Nyika ndi sitima ya Ilala zisungireni ulendo wina, ana atasinkhukirapo.

Mapepala muwayambe msanga. Malamulo a viza akhala akusinthasintha: mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79 kuphatikizapo UK, koma za olowa m'dziko zimaunikidwanso kawirikawiri, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London musanagule matikiti. Mukakafunsa, funsaninso za unzika wa anawo, poti kuyambira pamene nyumba ya malamulo inasintha lamulo mu 2018 Mmalawi akuloledwa kukhala nzika ya mayiko awiri. Ngati mudzadikira ndege maola oposa 12 ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, pamafunika khadi la katemera wa yellow fever. Ngati mukuyenda nokha ndi ana, tengani zikalata zawo zobadwira ndi kalata ya bambo awo yovomereza ulendowo.

Pobwerera, chokani mu Mzuzu kutatsala tsiku lathunthu kuti ndege inyamuke, ndipo galimoto ikhale itathiridwa mafuta dzulo lake, chifukwa nthawi zina pamafilingi siteshoni pamakhala mizere. Mukafika ku Leeds malizitsani mankhwala a malungo aja mpaka tsiku lomaliza. Mwana akatentha thupi m'miyezi yotsatira, ngakhale zioneke ngati chimfine wamba, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti tinali ku Malawi. Ngati anasamba m'nyanja, pemphani kuti akayezedwe likodzo pakatha miyezi itatu, ngakhale akuoneka wathanzi.