Mawu akuthetheka pojambula nyimbo: ndigule hard disk ina?

Funso: Ndimajambula kwaya ya kumpingo kwathu pa laputopu yakale ya RAM 4 GB. Nyimbo ikafika pakati mawu amathetheka, mwinanso pulogalamu imangoima. Anzanga akuti ndigule hard disk ina. Nditero?

Yankho: Dikirani kaye achimwene, ndalama njovuta masiku ano. Tiyambe tawerengera ntchito imene disikiyo imagwira. Maikolofoni imodzi, mukamajambula pa mlingo wa mawu wa 48 kHz ndi 24-bit, imalemba 8.6 MB pa mphindi. Mutatchera mamaikolofoni 16, onse pamodzi safika ndi 3 MB yomwe pa sekondi, pomwe disiki ya laputopu ya 5400 rpm, ngati ili bwino, imalemba zochuluka kuposa apo kutalitali. Choncho kawirikawiri wolakwa sakhala disiki.

Ine ndimayamba kukayikira buffer, kutanthauza kukula kwa kagawo ka mawu kamene kompyuta imagwira nthawi imodzi. Kompyuta imalandira mawu m'timagawo, ndipo kagawo kalikonse iyenera kuthana nako kanzake kasanafike. Mukaika buffer pa 128, purosesa imakhala ndi mamilisekondi osakwana 3 okha. Ikangochedwa pang'ono, ndi kuthetheka mukumvako. Pa 1024 imakhala ndi mamilisekondi 21, ndipo imapumako. Akwaya savala mahedifoni, ndiye kuchedwa kwa mawu sikuwasokoneza: ikani 1024 mopanda mantha. Woimba payekha amene akudzimvera m'makutu ndi amene amafuna 128 kapena 256, kapena mumutsegulire direct monitor (kudzimva mwachindunji, mawu osadutsa mu pulogalamu) pa sound card, kachipangizo kolumikizirapo maikolofoni, buffer n'kuisiya yaikulu. Onetsetsaninso kuti pulogalamu yanu, kaya ndi Cubase, FL Studio kapena Reaper, ikugwiritsa ntchito driver ya ASIO (pulogalamu yolumikiza sound card ndi kompyuta) yochokera ku kampani yomwe inapanga sound card yanuyo. Driver ya ASIO4ALL njongogwiritsa ntchito pamene palibe ina.

Musanayambe kujambula zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth, tsekani Chrome, lumikizani chaja, ndipo pa Power Options sankhani High performance ngati ilipo. Kapulogalamu ka LatencyMon mukakasiya kakuyenda kwa mphindi zingapo kamatchula driver imene ikuchedwetsa zinthu, ndipo pa malaputopu nthawi zambiri imakhala ya Wi-Fi. Fumbi nalo musalichepse: fani ikatsekeka, purosesa imatentha n'kudzichepetsera yokha liwiro.

Disiki ili ndi mlandu ngati Task Manager ya Windows ikusonyeza Disk 100% pamene mukujambula. Apa RAM yanu ya 4 GB ikundidetsa nkhawa. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusunga zina pa disiki, ndiye kasingano ka m'katimo kamangothamanga uku ndi uku ngati wogulitsa m'golosale amene ali yekha tsiku la malipiro. Zikakhala choncho gulani SSD (disiki yachangu yosazungulira) ya SATA ya mainchesi 2.5, osati hard disk ina, ndipo RAM ifike 8 GB. Muyesenso disiki yakaleyo ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, koperani nyimbo zonse lero lomwe, chifukwa kwaya yomwe yakonzekera miyezi simungaiuze kuti zonse zafufutika.

Funso: Kodi defrag (kusanja bwino mafayilo omwazikana pa disiki) imathandiza?

Yankho: Pa hard disk yozungulira inde, makamaka ikakhala yodzaza mafayilo akale. Pa SSD ayi, Windows imaisamalira yokha. Iliyonse mwa ziwirizi musaidzaze mpaka pakamwa.

Funso: Malo andithera. Ndingajambulire pa flash?

Yankho: Chonde musatero. Ma flash ambiri amalemba mwapang'onopang'ono ndiponso modukiza, ndipo ikakhala ya FAT32 fayilo imodzi siingapitirire 4 GB, zomwe zingakugwetseni ulesi pojambula msonkhano wautali. Jambulirani m'kompyuta momwemo, mukamaliza ndiye mukopere. Ngati mwagula SSD yakunja, ilowetseni pa USB 3.0, pa malo akeake, isagawane hub imodzi ndi sound card. Amene muli ndi desktop, UPS (batire losunga magetsi) igulidwe msanga, poti magetsi akathima kompyuta ikulemba, fayilo ya nyimboyo imatha kuwonongeka osatsegukanso.